Kahoot, Mentimeter ndi Plickers: Chida Choyenera Kalasi ya ku Koleji Ndi Chiti?

Mphunzitsi wa ku koleji akafunsa kalasi yaikulu kuti "Kodi mwamva?", amene amagwedeza mitu ndi okhala kutsogolo okha, pamene ena onse amangokhala duu, kaya amva kaya sanamve. Kahoot, Mentimeter ndi Plickers ndi zida zimene zimalola ophunzira onse kuyankha funso pa nthawi imodzi, koma zimasiyana kwambiri pa zimene zimachititsa wophunzira m'mutu mwake asanayankhe, ndipo kusiyana kumeneku ndi kumene mphunzitsi ayenera kuyang'ana posankha.

Kahoot, yomwe inayambira ku Norway ndipo inatulutsidwa m'chaka cha 2013, ndi masewera ampikisano. Ophunzira amalowa pa mafoni awo pogwiritsa ntchito nambala yomwe yaonetsedwa pa sikirini, funso limabwera ndi nthawi yowerengeka, ndipo mapointi amaperekedwa potengera kulondola kwa yankho komanso liwiro limene munthu wayankhira. Kalasi yomwe inali kusinza imadzukadi, ndipo pobwereza mawu ofunika kuloweza, monga mayina a mafupa a m'thupi kapena zizindikiro za m'kemisitire, chida chimenechi chimagwira ntchito bwino. Vuto lake ndi loti chimapereka mphoto kwa wofulumira, pamene maphunziro a ku koleji amafuna munthu wodekha amene amasanthula funso asanalikhudze. Wophunzira amene amawerenga pang'onopang'ono, kapena amene intaneti yake ikuchedwa, amatsalira pa mndandanda ngakhale atamvetsa phunziro kuposa anzake. Kuwonjezera apo, nthawi ikangotha yankho lolondola limaonekera pomwepo, choncho mtsutso umene ukanabuka pakati pa ophunzira umafa usanayambe.

Mfundo yomalizayi ndi yaikulu kuposa mmene imaonekera. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, Eric Mazur, mphunzitsi wa fizikisi ku yunivesite ya Harvard, anayambitsa njira yoti ophunzira aziphunzitsana okhaokha: mphunzitsi amafunsa funso lofuna kumvetsa osati kuloweza, aliyense amayankha payekha, kenako amatembenukira kwa mnzake amene wayankha zosiyana ndi kuyesa kumukopa, ndipo pomaliza amayankhanso kachiwiri. Njirayi imatheka pokhapokha ngati yankho lenileni labisidwa mpaka kukambiranako kutatha.

Apa ndi pamene Mentimeter, yochokera ku Sweden, imapambana. Mphunzitsi angathe kubisa zotsatira mpaka nthawi imene iye wafuna, mayankho ambiri amabwera opanda mayina, ndipo ophunzira angathe kulemba maganizo awo m'ziganizo m'malo mongosankha pakati pa A ndi D. Kusadziwika kwa woyankha n'kofunika kwambiri kwa wophunzira wamanyazi amene sangakweze dzanja pamaso pa anzake, makamaka pa maphunziro okhudza umoyo, chipembedzo kapena ndale, pomwe munthu amaopa kusekedwa. Choipa chake n'chakuti mtundu waulere uli ndi malire, moti amene amaphunzitsa makalasi aakulu kawirikawiri amafunika kulipira, kapena kudalira koleji kuti igule chilolezo.

Plickers imayenda njira ina. Wophunzira safunika foni ngakhale intaneti. Amalandira khadi la pepala lokhala ndi chizindikiro chakuda, amalitembenuza kuti chilembo cha yankho lake chikhale pamwamba, ndipo mphunzitsi amayendetsa kamera ya foni yake m'kalasi kuti iwerenge makadi onse. Oyandikana naye sangadziwe chimene wasankha, komabe mphunzitsi amadziwa, zimene zimamuthandiza kuona amene akufunika thandizo lapadera. Makadi ake amafika 63 pa kalasi imodzi ndipo mayankho sapitirira anayi, kotero siyingakwanire holo yodzaza.

Kwa ine, mphunzitsi amene akufuna kuti ophunzira aganize ayambe ndi Mentimeter, ndipo ngati kalasi yake ndi yaing'ono kapena mafoni ndi intaneti n'zosadalirika, atenge Plickers n'kuyendetsa njira yomweyo ya kuyankha, kukambirana ndi kuyankhanso. Kahoot aisunge kwa mphindi zochepa zobwereza zimene zaphunziridwa kale mayeso akayandikira, ndipo mapointi ake asawaphatikize ku magiredi a wophunzira.