Kupempha ndemanga pa Amazon: batani laulere, kalata yolemba wekha kapena pulogalamu yolipira?

Wogula amene wakhutira amangoti zii. Amene phukusi lake lafika lophwanyika ndiye sachedwa, usiku womwewo nyenyezi imodzi yaikidwa kale pansi pa katundu wako. N'chifukwa chake ogulitsa tonse pa Amazon timafika popempha ndemanga, tifune tisafune. Funso ndi lakuti tipemphe kudzera pati, chifukwa njira zake sizifanana pa mtengo, ndipo pa chiopsezo ndiye zimasiyana kwambiri.

Choyamba kudziwa n'chakuti Amazon sikupatsani imelo yeniyeni ya kasitomala. Uthenga uliwonse umadutsa m'manja mwawo, pa adiresi yobisa, ndipo amauona. Zolemba mayina a makasitomala m'kope n'kumawatumizira mauthenga pa pulogalamu ya maimelo ya Mailchimp zija, zisiyeni ku sitolo yanuyanu ya pa intaneti, ngati ya Shopify.

Njira yosavuta kuposa zonse ndi batani la Request a Review, lomwe linafika mu Seller Central, tsamba la ogulitsa pa Amazon, chakumapeto kwa 2019. Mumatsegula oda, mumadina, basi. Amazon imatumiza uthenga wake wokha, wokhala ndi chithunzi cha katunduyo ndi nyenyezi zisanu zoti munthu angokhudza, m'chinenero chimene wogulayo anasankha. Umapempha zinthu ziwiri nthawi imodzi: ndemanga ya katundu komanso maganizo a wogula pa inu wogulitsa. Batanili limagwira pakati pa tsiku la 5 ndi la 30 katundu atafika, kamodzi kokha pa oda iliyonse. Simungasinthe ngakhale liwu limodzi. Poyamba zimenezi zinkandinyansa, koma pano ndimaona kuti ndiye ubwino wake: mawu amene simunalembe sangakupalamulitseni mlandu. Vuto lake ndi chala. Maoda khumi pa sabata mudzadina mukumwa tiyi, koma akafika mazana awiri mudzayamba kudumphitsa masiku, ndipo oda ikapyola tsiku la 30 mwayi wapita.

Kalata yolemba wekha, yodzera mu Buyer-Seller Messaging, njira ya Amazon yolemberana ndi ogula, ndi imene imakopa ambiri, makamaka ife amene tinazolowera kuti malonda amayenda ndi kukoma pakamwa. Umafuna kumuthokoza munthu, kumufotokozera kuti bizinesi ndi ya banja, kuti ndemanga yake idzakuthandizani. Kale zinkatheka ndithu. Koma kuyambira 2017 ogula ali ndi ufulu wokana mauthenga amene sanawapemphe, choncho makalata ambiri safika n'komwe. Kenako kumapeto kwa 2020 Amazon inakhwimitsa malamulo: uthenga utumizidwe pasanathe masiku 30, ukhale ndi nambala ya oda ya manambala 17 ija, ulembedwe m'chinenero cha wogula, usakhale ndi ma emoji, zithunzi zoyenda kapena linki yotulutsira munthu kunja kwa Amazon. Kungotumiza uthenga wothokoza chabe nakonso anakaniza.

Pamene ambiri amagwera ndi pa chiganizo chooneka chaulemu ichi: "Ngati mwasangalala tilembereni ndemanga, ngati pali vuto tiuzeni kaye ife." Kwa Amazon kumeneko n'kusefa ndemanga, ndipo n'koletsedwa. N'chimodzimodzi kupempha nyenyezi zisanu, kapena kulonjeza kuchotsera mtengo. Mukatumiza kalata yanu n'kudinanso batani lija pa oda yomweyo, mwapempha kawiri, lomwenso ndi vuto. Chilango chimayamba ndi kukutsekerani mauthenga, chikakula chimakhudza akaunti yonse. Ine njira iyi ndinaisiya, ndimangoigwiritsa ntchito pa zofunikadi, monga kufunsa za adiresi yolakwika.

Tsono pali mapulogalamu olipira pamwezi: FeedbackFive ya eComEngine, FeedbackWhiz, komanso zida zimene zili mkati mwa Jungle Scout ndi Helium 10. Anthu amaganiza kuti akugula mawu okoma okopa ogula. Ayi ndithu. Ntchito yaikulu imene mapulogalamuwa amagwira masiku ano ndi kukudinirani batani lomwe lija, kudzera pa khomo lovomerezeka lotchedwa Solicitations API. Uthenga wofika kwa wogula ndi womwewo waulere uja. Chimene mukulipira ndi nthawi yake komanso kusaiwala.

Ndipo nthawiyo si nkhani yaing'ono. Ndinaziona ndekha pa mafuta odzola amene ndinkagulitsa. Ndinasiya pulogalamu ikutumiza pempho pa tsiku la 5, monga ndinachitira ndi zikwama za foni. Chikwama munthu amachiveka tsiku lomwelo n'kudziwa ngati chakwana. Mafuta ndi ena: mayi wina analemba kuti "ndadzola katatu, sindikuona kusintha", n'kupereka nyenyezi zitatu. Sanalakwe, ndinamufunsa msanga ndine. Nditasunthira pempholo cha pa tsiku la 21, olemba anayamba kunena zimene aonadi pa khungu lawo. Pulogalamu yabwino imakulolani kuika tsiku losiyana pa katundu aliyense, komanso kuchotsa maoda amene abwezedwa kale. Ngati mukulipira kale Jungle Scout kapena Helium 10 pofufuza katundu, yang'anani ngati zimene mukulipirazo zili ndi chidachi musanalembetse kwina.

Zonsezi zimafuna kuti mukhale ndi ogula kale. Katundu watsopano, wopanda ndemanga ngakhale imodzi, imelo siingamuthandize chifukwa palibe womulembera. Apa ndi pa Amazon Vine, yomwe si imelo konse: mumapereka katundu waulere, osapitirira zidutswa 30, kwa anthu amene Amazon inawasankha yokha, ndipo amalemba zimene akufuna, zokoma kapena zowawa.  Kupatula pa mabuku, Vine ndiyo njira yokhayo yotsala yosinthanitsa katundu ndi ndemanga, chifukwa zina zonse zotere Amazon inaziletsa mu October 2016.

Tikapepala toika m'phukusi tolonjeza mphatso, musatiyese n'komwe. Mu 2021 makampani akuluakulu ngati Aukey, Mpow ndi RAVPower anachotsedwa pa Amazon pa nthawi imene inkasesa ogula ndemanga. Panopa si nkhani ya Amazon yokha: ku America lamulo la FTC, bungwe la boma loteteza ogula, loletsa ndemanga zabodza linayamba kugwira ntchito mu October 2024, ndipo kwa anzathu ogulitsa ku UK lamulo langati lomweli linayamba mu April 2025.

Ine pano ndimachita chonchi: katundu watsopano amayamba ndi Vine, maoda akachepa ndimadina ndekha Lamlungu madzulo, ndipo pulogalamu ndimailipira miyezi yokha imene malonda achuluka, kuyambira November mpaka January.