Madipuloma ndi msonkhano wa United Soccer Coaches: kodi amamufikitsa munthu pa benchi ya timu ya atsikana ya ku koleji?

Ambiri ofuna kuphunzitsa mpira wa atsikana m'makoleji a ku America amayamba kulipira ndalama zawo ku bungwe la United Soccer Coaches, lomwe likulu lake lili ku Kansas City. Bungweli linakhazikitsidwa mu 1941 ndi dzina loti National Soccer Coaches Association of America, ndipo ngakhale linasintha dzina mu 2017, makochi akale amangolitchulabe kuti NSCAA. Zomwe limagulitsa ndi umembala wa pachaka, maphunziro a madipuloma, komanso msonkhano waukulu wa mu Januwale. Kuona kwathu n'kwakuti msonkhanowo ndalama yake siipita pachabe, pomwe madipulomawo, ngakhale ali abwino, amaphunzitsa theka chabe la ntchito ya ku koleji.

Choyamba kudziwa musanalipire n'chakuti dipuloma si laisensi. Malaisensi, kuyambira a ana aang'ono kukwera D, C, B, A mpaka Pro, amaperekedwa ndi U.S. Soccer, lomwe ndi bungwe loyendetsa mpira m'dzikomo. A United Soccer Coaches ali ndi makwerero awoawo: National Diploma, kenako Advanced National, pamwamba Premier, ndiponso madipuloma apadera a ophunzitsa magoloboyi. NCAA, bungwe loyendetsa masewero a m'makoleji, siikakamiza mphunzitsi kukhala ndi pepala lililonse mwa awiriwa. Chimene makoleji salola kuti chisowe ndi digiri yoyamba, ndipo ambiri amakonda wokhala ndi ya masitazi. Laisensi kapena dipuloma imangolembedwa pa mndandanda wa zoonjezera mwayi.

Pabwalo, maphunzirowa ndi ogwira mtima. Wophunzira amapatsidwa mutu, mwachitsanzo kuphunzitsa otchinga kumbuyo anayi kusuntha limodzi mpira ukapita kumphepete, n'kuuzidwa kuti akonze pulakatisi yoyambira pa osewera ochepa mpaka kufika pa masewero enieni, alangizi akuonerera. Zolakwika zimakhala zomwezomwezo. Wina amaimitsa masewero pafupipafupi n'kuyankhula mpaka osewera kuzizira thupi. Wina amayala bwalo laling'ono kwambiri, moti vuto lomwe akufuna kukonza silionekera n'komwe, chifukwa otchinga sakukakamizika kuthamangira kumphepete. Wina amadzudzula amene ali ndi mpira pomwe cholakwa chili kwa mnzake amene waima patali osatseka mpata. Alangizi amazigwira msanga zimenezi, ndipo munthu amene anangosewerapo mpira koma sanaphunzitsepo amatuluka atasinthadi.

Vuto n'lakuti mphunzitsi wa ku koleji amakhala pabwalo nthawi yochepa. Sizoni imayamba mu Ogasiti, masabata ambiri timu imasewera kawiri, ndipo College Cup, ndime yomaliza ya chikho cha NCAA, imatha kumayambiriro kwa Disembala. Ndi ndondomeko yothinana chotere, masiku ambiri amathera popumitsa matupi ndi kuonera mavidiyo, osati pa pulakatisi yokoma yomwe munayesedwa nayo ku kosi. Miyezi yotsalayo ndi yosaka osewera. Wachiwiri kwa mphunzitsi amakhala pampando wopinda m'mphepete mwa mabwalo a mipikisano ya ECNL ndi Girls Academy, maligi a atsikana omwe sanafike ku koleji, akulemba manambala a majezi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Ku Division I, gawo lapamwamba la NCAA, saloledwa kuyankhulana ndi mtsikana za kumulemba lisanafike tsiku la 15 Juni lotsatira chaka chake chachiwiri ku sekondale, ndipo kuphonya lamulo ngati limeneli kumagwetsera sukulu yonse m'mavuto. Kwa zaka zambiri timu ya atsikana ya ku Division I inkaloledwa masikolashipu 14 okha, ogawidwa zidutswazidutswa kwa osewera oposa 25, pomwe ku Division III, gawo lachitatu, kulibiretu sikolashipu ya masewero. Kuchokera mu 2018 kunabweranso kaundula wa osewera ofuna kusintha sukulu, moti mphunzitsi amayenera kunyengerera ngakhale osewera amene ali nawo kale. Zonsezi dipuloma imangozikhudza pamwamba.

Mbiri za amene anapambana zikuchitira umboni. Anson Dorrance anayamba kuphunzitsa timu ya atsikana ya yunivesite ya North Carolina mu 1979, NCAA isanayambe n'komwe chikho cha atsikana mu 1982, ndipo popuma mu 2024 anali atatenga zikho 21 za NCAA. Becky Burleigh anayambira pa koleji yaing'ono ya Berry, ya mu NAIA (bungwe lina la makoleji aang'ono), asanakatenge chikho cha NCAA ndi yunivesite ya Florida mu 1998, kukhala mayi woyamba kutero ngati mphunzitsi wamkulu ku Division I. Jill Ellis anasewera ku koleji ya William & Mary, n'kukhala wachiwiri m'makoleji angapo, kenako n'kutsogolera Illinois ndi UCLA asanatenge World Cup ndi timu ya dziko la America mu 2015 ndi 2019. Margueritte Aozasa anatenga chikho ndi UCLA mu 2022, chaka chake choyamba pampando, koma anali atakhala zaka zingapo pansi pa Paul Ratcliffe ku Stanford. Njira yodziwika ndi imeneyo: kusewera ku koleji, kuyamba ngati wothandizira uku ukuphunzira masitazi, kukhala wachiwiri kwa munthu wodziwika, kapena kukatsogolera timu yaing'ono kaye.

N'chifukwa chake msonkhano wa mu Januwale ndiwo katundu weniweni wa bungweli. Umazungulira m'mizinda ngati Philadelphia, Baltimore, Chicago ndi Kansas City, ndipo umachitika sizoni itangotha, nthawi yomwe ena achotsedwa ntchito, ena akwezedwa, ndipo aphunzitsi atsopano akusaka owathandiza. M'maholo mumayalidwa kapinga wochita kupanga, makochi otchuka n'kumaonetsa pulakatisi anthu atakhala m'mbali. Zimenezo n'zosangalatsa, koma phindu lili m'makonde ndi pa misonkhano ing'onoing'ono ya magulu, kuphatikizapo ya makochi achizimayi. Amene amataya ndalama ndi uja wofika wopanda ndondomeko. Maphunziro ambiri amachitika nthawi imodzi, iye n'kumangotsatira khamu, n'kubwerera ndi chikwama cha timapepala ta amalonda osapatsana moni ndi aliyense wolemba ntchito. Lemberani anthu atatu kapena anayi makalata kusanafike tsikulo, mupangane ola lokumana. Kumbukiraninso kuti tikiti yolowera ndi gawo chabe. Ndege ndi hotelo ya masiku angapo mumzinda waukulu zimadya zambiri, ndipo malipiro a wothandizira wongoyamba kumene ndi ochepa.

Kwa amayi pali china choganizira. Pomwe lamulo la Title IX, loletsa kusala atsikana kapena anyamata m'sukulu, linkakhazikitsidwa mu 1972, matimu a atsikana oposa 90 pa 100 alionse m'makoleji ankaphunzitsidwa ndi amayi. Ndalama zitayamba kulowa, chiwerengerocho chinatsika kufika pansi pa theka. Dipuloma payokha siikonza zimenezi. Women Coaches Academy, yomwe imayendetsedwa ndi WeCOACH, bungwe la makochi achizimayi, mogwirizana ndi NCAA, imafika pomwe madipuloma safika, monga kukambirana kontirakiti ndi kuyang'anira antchito. Ku U.S. Soccer kulinso thumba la Jill Ellis lothandiza amayi kulipira malaisensi apamwamba.

Ngati ndalama ikukwanira chinthu chimodzi chokha chaka chino, amene sanaphunzitsepo ayambe ndi National Diploma kapena laisensi ya D. Amene ali kale pa benchi ya koleji ndipo akufuna kukwera agule tikiti ya msonkhano. Ofuna kudzalowera ku NWSL, ligi yaikulu ya amayi ku America, kapena ku matimu a dziko asataye nthawi ndi Premier asanakwere makwerero a U.S. Soccer, chifukwa kumeneko chimene amafunsa ndi laisensi.