Nkhani yogawa khoti la ma apilo kuno ku America

Abale kumudzi, mumandifunsa bwanji mapepala a anthu kuno amatenga zaka, lero ndikuuzeniko za khoti lomwe timaliopa komanso kulidalira ife a ku Seattle. Kwathu Supreme Court of Appeal ndi imodzi ku Blantyre basi. Kuno makhoti a ma apilo a boma lalikulu alipo 13, ndipo lathuli, Ninth Circuit, likulu lake ku San Francisco, ndi chimphona: majaji 29, ma state 9 kuyambira Alaska mpaka Arizona, Hawaii yomwe, kuphatikizanso Guam.

Jaji wa immigration akakukana umapita ku BIA, bodi yomva ma apilo a immigration, ku Virginia, akakukananso ndiye umathawira ku circuit. Nchifukwa chake loya ukangokhala pampando, asanafunse ndi dzina lomwe, amayamba ndi "mlandu wanu unamvedwa state iti?" Chigamulo cha Ninth Circuit sichimanga jaji wa ku Texas, uko ndi Fifth Circuit, malamulo omwewo koma kawerengedwe kena, ndipo anthu amadziwa kuti kumeneko nkouma.

Ndiye aphungu a Republican, makamaka a ku Idaho ngati Mike Simpson, akhala akubweretsa mabilu oti khotili ling'ambidwe, California itsale ndi anzake ochepa, ena apange Twelfth Circuit. Amati lakula mopyola, milandu imachedwa, ndipo mlandu waukulu samakhala majaji onse 29, amangokhala 11. Pamenepo sakunama ayi. Zinachitikaponso mu 1981, Fifth Circuit anaidula nkubadwa Eleventh. Koma komiti ya Byron White, yemwe anali jaji wa Supreme Court ya kuno, mu 1998 inati lathuli osaligawa.

Ine ndimaona kuti phokoso lenileni ndi loti mipando yatsopanoyo adzadzaze ndani, paja jaji wa makhoti amenewa akalowa ndi mpaka imfa kapena atope yekha. Onani mu 2024, bilu yowonjezera majaji 66 m'makhoti a m'munsi Senate inavomera onse popanda wotsutsa, House, nyumba inayo ya malamulo, inadikira kaye zisankho zithe, Trump atawina ndi pomwe anaidutsitsa, Biden nkuikana mu December. Ma apilo nawo chiwonjezereni majaji mwaunyinji mu 1990.

Pa break ku ntchito ku nursing home timakangana zimenezi ndi anzanga a ku Kenya ndi Gambia, wina foni m'manja kuyang'ana mapu kuti state yathu ya Washington ikagwera mbali iti akaligawa khotili, poti mapu ake amasintha bilu iliyonse.