Mabuloko a simenti kapena njerwa za dothi zotsindira: zomangira nyumba yamalonda

Mu 2018, bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga la NCIC linakhazikitsa malamulo oletsa kugwiritsa ntchito njerwa zootcha ndi nkhuni pomanga nyumba za boma ndi zamalonda m'Malawi muno, kotero amene akufuna kumanga sitolo kapena maofesi amasankha kawirikawiri pakati pa mabuloko a simenti ndi njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono zotsindira ndi makina.

Mabuloko a simenti ndi aakulu, motero khoma limakwera msanga, ndipo mabowo ake amalola kulowetsamo zitsulo ndi konkire pamene injiniya walamula kutero, makamaka pa nyumba yosanja. Vuto lake ndi mtengo wa simenti, komanso oumba ena amachulutsa mchenga mpaka buloko kumanyenyeka m'manja lisanafike n'komwe pakhoma.

Njerwa zotsindira zimadya simenti yochepa, zimatha kuumbidwa pamalo pomwepo ngati dothi lake ndi labwino, ndipo zina zimene zimaumbidwa kuti zizilowanalowana sizifuna matope ambiri omangira. Koma dothi liyenera kuyezedwa kaye, pakuti katondo wokhala ndi mchenga amagwira bwino pamene dothi lakuda la m'dambo limang'aluka likauma. Zikaumbidwa zimafundikidwa ndi kuthiriridwa madzi kwa masabata angapo, zimene kontrakitala wothamangira tsiku lotsegulira sitolo sazikonda.

Pa nyumba yosanja ya mumzinda ngati Blantyre, ine ndingasankhe mabuloko oyezedwa mphamvu. Pa sitolo yosasanja ya pamalo ochitira malonda akumudzi, kumene kunyamula katundu kumadula, njerwa zotsindira n'zoyenera, bola denga litulukire kunja mokwanira kuti mvula isamamenye khoma.