Mabogi asanu a HO patatha miyezi 11

Mu Disembala chaka chatha ndinalemba za mabogi asanu onyamula anthu a kasitima kanga ka patebulo, amene alamu anga anandibweretsera kuchokera ku Joni pobwera kudzadya Khrisimasi. Anali ogwirapo kale ntchito, ndipo anafika atakulungidwa m'nyuzipepala m'katoni ya nsapato. Nthawi imeneyo ndinawatamanda chifukwa cha maonekedwe: mazenera onse analipo, penti inali isanakalike kwenikweni, ndipo ndinati ndikangoika magetsi m'kati ndi tianthu pamipando, basi ntchito yatha. Tsopano adutsa dzinja, chisanu cha Juni ndi fumbi la Okutobala la kuno ku Mchinji. Zimene ndinganene lero n'zosiyana ndi zija. Mabogi ndi abwino ndithu, koma zimene zawayendetsa bwino zili kunsi kwake, kumene mu Disembala sindinasuzumireko n'komwe.

Kwa amene simunawerenge zoyamba zija, mabogiwa ndi a muyeso wa HO, kutanthauza kuti chilichonse chachepetsedwa ka 87, ndipo njanji zake n'zotalikirana mamilimita 16.5. Anayi ndi otalika mamilimita 264. Ndi aja amene opanga akale ankawafupikitsa dala: bogi lenileni la ku Ulaya la mamita 26.4 ankalichepetsa ka 100 m'litali mokha kuti lizitha kukhota patebulo laling'ono. Lachisanu ndi losafupikitsa, la mamilimita 303. Tebulo langa ndi pulayiwudi imodzi ya mafiti 8 kwa 4, ndipo makona a njanji yake, pamene imakhota, ndi a mamilimita 438 kuchokera pakati. Manambala amenewa muwasunge, chifukwa nkhani ya bogi lachisanu yagona pamenepo.

Vuto loyamba linaoneka Januwale asanathe. Mabogi awiri ankagwa pamphambano imodzimodzi, pamene njanji imapatukira ku siteshoni. Ndinakhala masabata awiri ndikuimba mlandu mphambanoyo, kuichotsa, kuibwezera, kuipala. Tsiku lina ndinabwereka veniya, kachipangizo koyezera timipata ting'onoting'ono, kwa mnzanga wina makaniko pa boma n'kuyeza mpata wa pakati pa mawilo awiri a pa ekiselo imodzi, m'kati mwake. Pa HO mpata umenewu uyenera kukhala pafupifupi mamilimita 14.5. Maekiselo atatu anali osakwana 14. Wilo likapanikizana chonchi limakwera kanjanji kolondolera ka pamphambano, bogi n'kudumpha. Ndinawatanula pang'onopang'ono ndi zala, ndikupotoza wilo pa ekiselo, kenako ndinasema kachitsulo ka muyeso umenewo kuti ndisamabwerekenso veniya. Kuyambira tsiku limenelo mphambano ija sinagwetsenso bogi.

Koma mawilo apulasitiki aja sanandikhalitse. Amatola litsiro modabwitsa. Pakatha masabata atatu wilo limakhala litavala chikhakha chakuda cholimba, chimene limachipakanso panjanji, mutu wa sitima n'kuyamba kudukizadukiza chifukwa magetsi sakudutsa bwino. M'dzinja, chinyezi chikasakanikirana ndi fumbi la m'nyumba, ndinkapukuta njanji ndi sipiriti pafupifupi tsiku lililonse. Mu Malichi ndinatumiza uthenga: "Alamu, musandigulirenso bogi ayi, mundipezere mawilo achitsulo." Anaseka, koma anatumiza kudzera kwa munthu wobwera pa basi. Maekiselo 20 ndi mawilo ake anadya ndalama zoposa zimene anagulira mabogi awiri, ndipo ndinadandaula polipira. Lero ndikuti pa zonse zimene ndawonongerapo ndalama, palibe choposa chimenechi. Njanji ndimapukuta kamodzi pa sabata, ngakhale mu Okutobala. Kulemera kwa bogi tsopano kuli m'munsi, kumawilo. Ndipo pali kaphokoso kaja ka wilo lachitsulo podutsa polumikizira njanji, kamene mdzukulu wanga anakamva tsiku loyamba n'kunena kuti, "Agogo, tsopano ikulira ngati yeniyeni."

Chenjezo limodzi pa mawilo: yezani utali wa ekiselo yakale, nsonga mpaka nsonga, musanaitanitse, chifukwa makampani amasiyana. Yaitali imathina, yaifupi imagwedera. M'timabowo momwe nsongazo zimazungulira musathire mafuta ophikira kapena oyilo wa galimoto. Amakoka fumbi, ndipo ena amawononga pulasitiki. Ine ndimapala mtima wa pensulo yofewa n'kuthiramo ufa wake. Miyezi 7 yatha, mawilo akuzungulirabe mopepuka.

Kulemera ndi nkhani imene ndasintha maganizo kawiri. Bungwe la NMRA la ku America, la okonda tisitima ta patebulo, limalangiza kuti bogi la HO lizilemera aunsi imodzi, kuwonjezapo theka la aunsi pa inchi iliyonse ya utali wake. Pa bogi la mamilimita 264 zimenezi zikupereka magalamu pafupifupi 175. Anga pa sikelo ya mayi a kunyumba ankakwana 110 okha. Ndinagula mawasha ku hadiweya n'kuwonjezera mpaka 175 monga mwa langizo, ndipo kugwa pokhota kunatheratu. Koma mutu wanga ndi wakale, wamphamvu zochepa, ndipo pakachitunda kopita ku mlatho mawilo ake anayamba kuterereka. Ndinachotsako mpaka 150, ndipo pamenepo ndi pamene zakhazikika. Ndaona kuti chofunika kwambiri n'choti mabogi onse alemere mofanana, ndipo mawashawo akhale pansi, pamwamba penipeni pa mawilo. Lopepuka likakhala pakati pa olemera, pokhota limakokedwa n'kugwera m'kati.

Apa ndinalakwitsapo chinthu chimene ndikufuna anzanga a madera otentha achimve. Mawasha aja ndinawamata ndi tepi yomata mbali zonse. Inagwira bwino kuyambira Epulo mpaka Seputembala. Chipinda changa n'cha malata opanda siling'i, ndipo kutentha kwa Okutobala kutafika tepi inafewa, mawasha n'kutsetserekera mbali imodzi. Bogi linayamba kuyenda chopendekeka, ine osadziwa chifukwa chake, mpaka nditaligwedeza n'kumva kulira m'kati. Ndinatsegula onse asanu n'kumata ndi guluu uja wosakaniza machubu awiri. Mwezi womwewo denga la bogi lina linapindika pang'ono chifukwa ndinalisiya pafupi ndi zenera dzuwa la masana likuwomba. Silinawongokenso. Tsopano ndikamaliza kuyendetsa ndimafunditsa tebulo lonse ndi chitenje chakale, ndipo chimateteza dzuwa ndi fumbi lomwe.

Zolumikizira zinali ngowe zikuluzikulu zakale, zosiya mpata pakati pa mabogi woti chala n'kulowa. Pokoka zinalibe vuto, koma pobwerera m'mbuyo zinkakankha mawilo chammbali. Bogi lachisanu lili ndi kathumba ka muyeso wa NEM 362, komwe umangosolola cholumikizira n'kulowetsa china, ndipo ndinaikamo cha kampani ya Kadee mosavuta. Anayi aja alibe kathumbako. Poti sindiwalekanitsa kawirikawiri, ndinachotsa ngowe za pakati n'kupinda timawaya tolimba tokhala ngati chilembo U, tolowa m'timabowo ta mbali zonse ziwiri. Mpata unachepa ndi theka. Ndinayamba ndawafupikitsa kwambiri, makona a mabogi n'kumagundana pokhota, ndiye ndinatalikitsako pang'ono. Timawaya timeneti sindinalipire kanthu, ndipo palibe ndi kamodzi komwe kamene kasololoka.

Magetsi a m'kati, amene ndinkawalakalaka kuposa zonse, ndi amene andipatsa chimwemwe chochepa poyerekeza ndi thukuta lake. Pa mabogi awiri ndinayamba ndi kutenga mphamvu kunjanji kudzera m'mawilo. Mawilo achitsulo amakhala otchingidwa mbali imodzi kuti magetsi asadutse pa ekiselo, ndipo ukatembenuza ekiselo imodzi molakwika pansi pa kawaya kotolera mphamvu, sitima yonse imaima. Zinandichitikira. Nditakonza, ma LED, timababu ta m'katimo, ankaphethiraphethira pa kafumbi kalikonse. Achimwene ena okonza mawayilesi ndi mafoni pamsika anandiikira kapasita, yosungako magetsi pang'ono, ndi kachipangizo kowongola magetsi, zochotsa m'wayilesi yakufa, ndipo kuphethira kunachepa. Chotsala n'chakuti njanji yanga ndi ya DC, mphamvu yake imakwera mpaka mavoti 12 sitima ikamathamanga n'kutsika ikamaima. Ndiye sitima ikafika pa siteshoni, pamene anthu akanaonekera bwino, m'kati mumachita mdima. Pa mabogi atatu otsalawo ndinangoika kabatire ka CR2032 ka mavoti 3, ma LED atatu ndi kaswitchi pansi. Kuwala kwake n'kofatsa, sikuphethira, sikukoka mawilo, ndipo madzulo magetsi akazima sitima imaima koma mazenera ake amawalabe. Ndikanayamba ndi njira imeneyi.

Mazenera awiri ndinawaononga ndi supagulu, amene nthunzi yake imayeretsa pulasitiki yoonekera ngati chifunga. Gwiritsani ntchito guluu woyera wa akalipentala. Tianthu ndinaika 30, ndipo ambiri ndinawadula miyendo kuti akwane pamipando, chifukwa pansi pa bogi lachidole ndi pokwera kuposa pa lenileni. Nkhope ndi manja ndinazipaka penti yakuda, amayi ena n'kuwajambulira zitenje ndi maduku. Ntchito imeneyi inanditengera madzulo a Julayi yense, ndipo ndi imene alendo amayamba kuiona.

Pali china chimene chimandikhala pamtima. Njanji yeniyeni ya kuno ku Malawi, imene inafika ku Mchinji cha m'ma 1980 n'kulumikizidwa ndi Chipata mu 2010, ndi ya mamilimita 1,067. Mukaichepetsa ka 87 imakhala mamilimita 12 okha. Njanji ya 16.5 ikuimira ya mamilimita 1,435 ya ku Ulaya ndi ku America. Choncho mabogi anga, ngakhale ndawadzaza ndi anthu akwathu, ndi aatali ndiponso oimirira motangadza kuposa amene ndinakwera ku Balaka ndili mnyamata. Ndinaganizapo zosamukira ku njanji ya mamilimita 12, imene ena amaigwiritsa ntchito pofanizira sitima za kum'mwera kwa Africa kuno, koma zikanafuna kusintha mutu, mawilo ndi njanji yonse. Ndasankha kukhala ndi zimene ndili nazo.

Bogi lachisanu lija ndi lokongola kuposa onse, ndipo ndi limene layenda pang'ono kuposa onse. Pa kona ya 438 limadutsa, koma mimba yake imalowa m'kati mpaka kukhudza pulatifomu, nsonga zake n'kutulukira kunja moti khomo lake silionananso ndi la linzake. Likakhala pakati pa afupi aja limaoneka ngati la banja lina. Amene muli ndi tebulo ngati langa, musakane mabogi ofupikitsa chifukwa choti sali pa muyeso weniweni. Pa makona ang'onoang'ono ndi amene amaoneka ngati sitima. Lalitalilo pakadali pano laima pa kanjanji kapambali pa siteshoni, magetsi ake akuyaka. Ndayeza tebulo ndipo makona a mamilimita 505 akhoza kukwana m'mphepete mwake, kutsala malo ochepa mbali zonse. Alamu akubweranso mwezi wamawa, ndipo ndawatumizira kale chithunzi cha njanji zokhota zimene ndikufuna, pamodzi ndi maekiselo ena anayi osungira.