Ancient Earth: mapu oonetsa bwino kusuntha kwa makontinenti, koma ofunika mphunzitsi pambali

Ancient Earth ndi mapu ooneka ngati mpira wa dziko lapansi amene Ian Webster anawaika pa intaneti kwaulere, ndipo zithunzi zake zinachokera ku kafukufuku wa Christopher Scotese, katswiri wa mbiri ya nthaka ndi miyala. Munthu amalemba dzina la mzinda n'kusankha nthawi, kenako kadontho kamasonyeza pamene dera la mzindawo linali kalelo, kubwerera m'mbuyo mpaka zaka 750 miliyoni zapitazo.

Ubwino waukulu wa mapuwa ndi wakuti amaonetsa kusunthako ndi maso. Pa zaka 240 miliyoni zapitazo makontinenti onse amaoneka ataunjikana kukhala mtunda umodzi wotchedwa Pangaea, Africa atamatana ndi South America kumadzulo, pomwe Madagascar, India ndi Antarctica atsamira kugombe lake la kum'mawa. Mukamadina batani la muvi pa kompyuta, nyanja ya Atlantic ya kummwera imayamba ngati kamng'alu n'kumakula, ndipo India amachoka yekha kulowera kumpoto mpaka kukawomba Asia pafupifupi zaka 50 miliyoni zapitazo, kugundana kumene kunatukula mapiri a Himalaya. Wophunzira amene waona zimenezi savutikanso kumvetsa chifukwa chake mafupa a Mesosaurus, kanyama ka m'madzi kamene sikakanatha kuwoloka nyanja yaikulu chonchi, amapezeka kummwera kwa Africa komanso ku Brazil. Wasayansi wa ku Germany Alfred Wegener atanena mu 1912 kuti makontinenti amasuntha, akatswiri ambiri anamutsutsa chifukwa sanathe kufotokoza mphamvu yowasunthitsa.

Zofooka zilipo ndithu. Nthawi zimadumphadumpha ndi zaka mamiliyoni ambiri, moti mitunda imene imayenda masentimita ochepa chabe pachaka imaoneka ngati ikuthamanga, komanso kung'ambika kwa kum'mawa kwa Africa, kumene kunabala chigwa cha Nyanja ya Malawi, sikungatsatidwe bwino chifukwa n'kwaposachedwa. Popeza mapuwa amayambira pa zaka 750 miliyoni, Rodinia, mtunda waukulu umene unalipo kale kwambiri Pangaea asanapangike, amaoneka akutha kale, ndipo Columbia, mtunda wakale kuposa pamenepo, mulibemo. Chondidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti zithunzi zonse zinajambulidwa mosalala mofanana, pomwe umboni wa nthawi zakale kwambiri ndi wochepa poyerekeza ndi wa nthawi ya Pangaea.

Mafotokozedwe ake ali m'Chingerezi, choncho mphunzitsi wa jogalafe adzafunika kumasulira komanso kuuza ophunzira kuti mapu akale kwambiriwo ndi ongoyerekeza. Akatero, chidachi n'choyenera kulowa m'kalasi iliyonse ya sekondale imene ili ndi intaneti.