YouVersion: Baibulo la pafoni kwa mtima wofuna kutsitsimutsidwa

Ndinayamba kugwiritsa ntchito pulogalamu ya YouVersion pa nthawi imene moyo wanga wauzimu unali utazilala, pemphero litasanduka chizolowezi chabe. Pulogalamuyi inakhazikitsidwa mu 2008 ndi mpingo wa Life.Church wa ku Oklahoma m'dziko la America, ndi yaulere, ilibe zotsatsa malonda, ndipo pofika mu 2021 inali itaikidwa m'mafoni ndi zipangizo zina zoposa 500 miliyoni.

Chimene chinandithandiza koposa ndi mwayi woika mabaibulo awiri pamodzi n'kumawerenga vesi lomwelo m'onsemo. Ndinatero ndi Ezekieli 36:26 m'Buku Lopatulika, la Chichewa chakale chija limene linatuluka koyamba mu 1922, komanso m'Mawu a Mulungu mu Chichewa Chalero. Ndikuwerenga mobwereza, ndinaona chimene ndinkachidumpha zaka zonse: m'ndimeyi wochita zonse ndi Mulungu yekha. Iye ndiye achotsa mtima wamwala, Iye ndiye apatsa mtima watsopano, ndipo Iye yemweyo aika Mzimu wake mwa munthu. Mutu 37 ukupitiriza nkhani yomweyo, pakuti mafupa owuma a m'chigwa muja, ngakhale atalumikizana n'kukutidwa ndi mnofu, anagonabe mpaka mpweya utalowa mwa iwo. Ine ndinkayesa kudzikonza ndi khama langa, ndiye chifukwa chake ndinkangotopa.

Zina zonse zimayenda bwino: mukhoza kusunga Baibulo m'foni kuti muziwerenga popanda intaneti, kulemba ndemanga zanu, ndi kuika mtundu pa mavesi amene akukhudzani. Ndondomeko zowerengera zilipo zambiri, ngakhale kuti zochuluka zili m'Chingerezi.

Pali zinthu ziwiri zofunika kusamala nazo. Pulogalamuyi imawerengera masiku amene mwaitsegula mosadumphitsa, ndipo ndivomereze kuti mtima wanga unayamba kukonda nambalayo kuposa Mawu, moti usiku wina ndinaitsegula pongofuna kuti chiwerengero chisabwerere pa ziro. Vuto linali langa ndithu, koma wowerenga aliyense adziyese pamenepo. Chachiwiri ndi vesi la tsiku, limene limabwera lokha popanda mavesi olizungulira. Yesaya 40:31 amatonthoza, komabe mphamvu yake imamveka bwino mukayambira pa vesi 27, pamene Aisraeli akudandaula kuti Yehova sakuona mavuto awo, chifukwa lonjezo la mphamvu zatsopano linaperekedwa kwa anthu amene anali atataya mtima.

Ndikuilimbikitsa pulogalamuyi kwa Mkhristu amene wabwerera m'mbuyo ndipo sakudziwa poyambira. Atseke mauthenga ena onse pafoni, ayambe ndi Salimo 51 lonse, kenaka Yoweli 2 ndi Ezekieli 36 ndi 37, mutu umodzi patsiku, ndipo akauze mbusa kapena mnzake wokhwima m'chikhulupiriro zimene wawerengazo.